Musanagule basi ya sukulu yosandutsidwa nyumba, yambani mwakwawira kunsi kwake

Ku America, basi yachikasu yonyamula ana asukulu ikatumikira zaka khumi ndi zingapo, akuluakulu a maphunziro amaipumitsa n'kuigulitsa pa okushoni. Masiku ano malondawa amachitikira pa intaneti, pamasamba ngati GovDeals ndi Public Surplus, ndipo basi yaikulu yoti ikuyendabe imatha kugwa pamtengo wa madola masauzande ochepa chabe. Woigulayo amazula mipando yonse, n'kumangamo khitchini, bedi, bafa ndi pochezera, padenga n'kuyala masola. Eni ake amaitcha skoolie. Pakapita zaka, ena moyo wapamsewu umawatopetsa, ena ana akula, ena ndalama zathina, ndiye amaitsatsa pa Facebook Marketplace. Amene ndikufuna ndilankhule naye ndi wogula wachiwiriyo. Ine ndine makaniko wa mainjini a dizilo, ndipo anthu otere amandiitana kuti ndikawaonere basi asanatulutse ndalama.

Mukugula zinthu ziwiri pamtengo umodzi: lole yakale ndi nyumba yomangidwa ndi munthu amene simukumudziwa. Nyumbayo ndi imene imakopa maso pazithunzi, koma loleyo ndi imene idzakupukuteni m'thumba. N'chifukwa chake ndikafika pamalo ndimapempha mwini basi kuti chitseko asatsegule kaye. Ndimatenga tochi ndi kahamala, n'kugona chagada pansi.

Kunsiko mdani wamkulu ndi dzimbiri. Funsani kuti basiyo inkatumikira kuti. M'zigawo zozizira monga Michigan, Ohio ndi New York amathira mchere m'misewu nyengo ya chipale chofewa, ndipo mcherewo umadya chitsulo chaka ndi chaka. Mabasi a ku Arizona, New Mexico kapena kumadzulo kwa Texas nthawi zambiri kunsi kwake kumakhala kwamyaa ngakhale ali akale. Dzimbiri lapamwamba, lofiirira chabe, lisakuopseni, ndi lachizolowezi. Loopsa ndi lija lotupa, losendeka m'magawomagawo, limene mukaligogoda limayoyoka. Gogodani zitsulo ziwiri zikuluzikulu za chasisi, zitsulo zopingasa zonyamula pansi pa basi, m'mphepete mwa matayala akumbuyo, pansi pa masitepe a pakhomo ndi pansi pa chitseko chakumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chodyeka chimangoti phu.

Pamenepa pali kusiyana kwakukulu pakati pa basi ya pa okushoni ndi basi yomangidwa kale. Yopanda kanthu m'kati mumaiona yonse. Yomangidwa kale, womangayo anaphimba zonse. Mabasi ambiri pansi pake pamakhala chitsulo, pamwamba pake pulayiwudi, kenako labala. Kwa zaka zonse zija ana ankalowa ndi nsapato zonyowa, okonza ankatsuka ndi paipi, madziwo n'kumalowerera m'mabowo a mabawuti a mipando. Womanga wosamala amakanganula zonsezo mpaka chitsulo chionekere, n'kupala dzimbiri, kupaka mankhwala, kutseka bowo lililonse, kenako n'kuyala zake. Waphuma amangoyala matabwa ake pamwamba pa labala wakaleyo.

Ndinaonerapo basi ina yokongola zedi, makabati ake opala bwino, sinki yamkuwa, makatani osokedwa ndi manja. Mayi amene ankafuna kuigula anali atasankha kale pomwe adzaike mabuku ake. Nditakwawira kunsi, pafupi ndi tayala lakumbuyo kumanzere, ndinakankha ndi sikuludiraiva ndipo inalowa yonse mpaka chogwirira, n'kutuluka ndi pulayiwudi wakuda, wonyowa, wonunkha nguwi. Pamwamba penipeni pa malowo panali pokhala thanki yamadzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukonza malo amenewo kunafunika kugwetsa theka la nyumbayo, ndipo mayiwo anaisiya misozi ili m'maso.

Choncho pemphani zithunzi za nthawi yomanga. Pafupifupi aliyense amene anamanga basi yake ndi mtima wonse ali nazo zambirimbiri, ndipo amasangalala kuzionetsa. Mukufuna kuona chitsulo chapansi chili pambalambanda, makoma asanakutidwe, mawaya asanabisidwe. Wogulitsa akanena kuti alibe ngakhale chimodzi, mtengo wa nyumbayo muutsitse kwambiri m'maganizo mwanu, chifukwa mukugula chinthu chimene palibe angakutsimikizireni.

Za injini, dzina la kampani yopanga basi si limene likuuzeni zambiri. Blue Bird ya ku Fort Valley m'chigawo cha Georgia, Thomas ya ku High Point ku North Carolina, ndi IC Bus ya ku Tulsa ku Oklahoma, zonse zimapanga mabodi olimba. Chofunika ndi injini ndi giyabokosi zimene zili m'katimo. International DT466, Cummins 5.9 ndi 8.3, komanso T444E ndi mainjini amene amakaniko ambiri amawadziwa ndipo zipangizo zake sizisowa. DT466 ili ndi ubwino wina: masilinda ake amavuleka, moti imatheka kuikonzanso yonse ili momwemo osaitsitsa. VT365 ndi MaxxForce 7 ndimachenjeza anthu kuti aziganize kawiri, chifukwa mbiri yake m'magalaja si yabwino. Chaka nachonso n'chofunika. Kuyambira 2007 malamulo a utsi ku America anabweretsa sefa yogwira mwaye m'paipi ya utsi, ndipo kuyambira 2010 mainjini ambiri anayamba kufuna madzi apadera otchedwa DEF. Zimenezi zimayeretsadi mpweya, koma zikawonongeka muli kutali ndi tauni mumafunika makaniko wa kompyuta ndi ndalama zambiri. N'chifukwa chake mabasi opangidwa 2007 isanafike amalimbiranidwa.

Musakhutire ndi mamailosi okha. Basi ya sukulu imatha nthawi yaitali injini ikungolira itaima, podikira ana kapena potenthetsa m'mawa, choncho funsani maola amene injini yagwira ntchito. Mabasi ambiri ali ndi mita yake. Uzani wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injiniyo mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa imaulula zinsinsi zake poliza koyamba: imavuta kudzuka, imatulutsa utsi woyera kapena wabuluu wosatha msanga. Ikamalira, tsegulani chotsekera pothirira oyilo n'kuchisanjika pakamwa pake. Chikamavina n'kugwa chifukwa cha mpweya wotuluka mwamphamvu, maring'i a mapisitoni atha. Oyilo wooneka ngati wasakanizika ndi mkaka ndi chizindikiro choti madzi a rediyeta akulowa kumene sayenera kulowa. Ndalama zotumizira kabotolo ka oyilo ku labotale kuti akamuyeze ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zingakupulumutseni.

Giyabokosi pafupifupi nthawi zonse imakhala ya Allison. Ya AT545 inapangidwira kuima ndi kunyamuka m'makwalala a m'tauni. Pamsewu waukulu ndi pazitunda zazitali, itasenza nyumba yonse, imatentha msanga. MT643 ndi za m'gulu la 2000 kapena 3000 n'zoyenera ulendo wautali. Mabasi ambiri anachepetsedwanso liwiro kuti asapitirire mamailosi 55 kapena 65 pa ola, ena chifukwa cha kompyuta, ena chifukwa cha magiya a ekiselo yakumbuyo. Muiyendetse pamsewu waukulu, mukwere nayo chitunda, diso lili pa geji ya kutentha. Mafutanso musadzinamize: galoni imodzi imakufikitsani mamailosi 7 mpaka 10.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, muli manambala anayi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Basi yokhalamo imaima padzuwa nthawi yaitali, moti tayala limakalamba n'kung'aluka mapazi ake akadali akuya. Likamayandikira zaka khumi ndi lofunika kusintha, ndipo matayala asanu ndi limodzi a basi yaikulu ndi madola masauzande. Ngati mabuleki ndi a mpweya, dzazani mathanki, zimitsani injini, masulani buleki yoimikira mawilo mutawatchinga, pondani buleki n'kugwira: singano ya geji ya mpweya isatsike kuposa 3 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya) pa mphindi imodzi. Mukamapopa buleki mobwerezabwereza, chenjezo liyenera kulira mpweya ukatsikira cha m'ma 60 psi.

Mukamaliza zonsezi m'pamene mungalowe m'nyumbamo, ndipo muyambire kudenga. Kulimba kwa basi ya sukulu kumachokera ku zitsulo zokhota zimene zimayambira pansi mbali ino, kudutsa padenga, kukathera mbali inayo. Kuyambira pa 1 April 1977, malamulo a boma lalikulu la America amafuna kuti denga la basi ya sukulu lizipirira basiyo ikagubuduzika. Koma m'katimo ndi mofupika, cha m'ma mita 1.8 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye omanga ambiri amadula zitsulo zonsezo, kukweza denga, n'kuwotchereranso. Ikachitidwa ndi wowotcherera waluso ntchitoyi imalimba. Ikachitidwa mwachisawawa, chitetezo chonse chija chapita. Funsani amene anawotcherera, onani zithunzi za molumikiza, ndipo funsaninso ngati anadula chitsulo china poika zenera lalikulu kapena chitseko. Yezani kutalika kwa basi ndi tepi, kuphatikizapo masola ndi chilichonse chili padenga. Malire m'zigawo zambiri ndi mafiti 13 ndi mainchesi 6, pafupifupi mamita 4.1, ndipo milatho ina ndi yofupika kuposa pamenepo.

Magetsi ndi gasi ndi zimene zimandisowetsa tulo, chifukwa izi zimapha munthu ali m'tulo. Tsegulani kabati ya mabatire. Payenera kukhala fyuzi pafupi penipeni ndi batire, mawaya okhuthala mokwanira, omangidwa bwino, ndipo pomwe waya akudutsa m'bowo la chitsulo pakhale labala womuteteza. Nyumba iyi imagwedezeka ulendo wonse. Waya wokhuzana ndi lata lakuthwa amapekeseka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina moto. Mabatire a lithium safuna kutchajidwa kukazizira mpaka madzi kuundana, choncho onani ngati ali m'kati mofunda. Silinda ya gasi ikhale panja kapena m'bokosi lotsekeka lokhala ndi potulukira mpweya pansi, popeza gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amadikha pansi. Pakhale kachipangizo kochenjeza za utsi ndi ka mpweya wakupha wopanda fungo uja wa carbon monoxide. Ndipo gonani pabedipo, mudzifunse kuti moto utabuka kukhitchini mutulukira pati. Ndaonapo mabasi amene chitseko chakumbuyo anachitseka ndi kabati. Ngati muli ndi ana, onani komwe malamba a mipando amangiriridwa: bawuti ipyole chitsulo cha basi, osati thabwa la sofa.

Kulemera anthu ambiri sakuganizira n'komwe. Pafupi ndi mpando wa dalaivala pali kachitsulo kolembapo malire a kulemera kwa basi yonse ndi kwa ekiselo iliyonse. Matabwa, matailosi, mabatire ndi mbaula zimalemera, ndipo thanki ya magaloni 100 yodzaza ndi makilogalamu pafupifupi 380 a madzi okha. Pitani nayo pa sikelo ya malole, monga za CAT zimene zili m'malo omwetsera mafuta, mathanki ali odzaza. Mabasi aakulu kawirikawiri amakhala ndi mpata wokwanira. Amene amapyola malire ndi ang'onoang'ono aja omangidwa pa chasisi ya vani.

Zikalata muzione musanapereke ngakhale chikole. Chikalata cha umwini chikhale m'dzina la amene akukugulitsaniyo, nambala ya chasisi igwirizane, ndipo chionetse kuti galimotoyo inalembetsedwanso ngati nyumba yoyenda. Ikakhala kuti idakalembedwa ngati basi, mungafunike laisensi ya madalaivala a malole, chifukwa lamulo limaifuna pagalimoto yololedwa kulemera mapaundi 26,001 kupita m'tsogolo kapena yopangidwa kuti izinyamula anthu 16 kapena kuposerapo. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, koma zambiri zimafuna kuti chikwangwani choimitsa magalimoto ndi nyali zophethira zija zichotsedwe, ndipo zina zimaletsanso utoto wachikasu wa sukulu.

Inshuwalansi ndiyo imagwetsa malonda ambiri. Makampani ochuluka safuna nyumba yomanga munthu payekha, ndipo ena akangomva za mbaula ya nkhuni, khonde la padenga kapena denga lokweza amakana pomwepo. Atumizireni zithunzi ndi nambala ya chasisi, akuyankheni polemba, kenako mukambirane za mtengo ndi wogulitsa. Malo ogona nawo ali ndi zokonda zawo: mapaki ena a anthu wamba sakulandira galimoto yopitirira zaka khumi kapena yomanga nokha, makampu ambiri a m'mapaki a boma ali ndi malire a utali, ndipo pamalo a Bureau of Land Management, nthambi yoyang'anira malo a boma, kumadzulo kwa dzikolo mungakhale ulere koma kawirikawiri masiku 14 okha pamalo amodzi. Basi ya mafiti 40 imakupatsani chipinda chogona chenicheni, koma ya mafiti 25 mpaka 30 imalowa malo ambiri. Pa ndalama zimene mwakonza, patulani gawo loti lisakhudzidwe pogula, chifukwa kukoka basi yofera panjira kumafuna galimoto yokokera malole, ndipo masiku onse amene ili m'galaja inu mudzafunika kulipira pogona pena.