Khonsolo ikafuna kutseka sukulu ya mwana wanu ku England

Mu Disembala 2023, khonsolo ya Hackney mumzinda wa London inagamula kuti sukulu zinayi za pulaimale zisadzatsegulidwenso chaka cha maphunziro chotsatira. De Beauvoir ndi Randal Cremer zinatsekedwa ndithu, pomwe Colvestone ndi Baden Powell anaziphatikiza ndi sukulu zina zoyandikana nazo. Chaka chomwecho, ku Lambeth, sekondale ya Archbishop Tenison's, yomwe inayamba mu 1685, inali itatsekedwa kale. Sukulu zonsezi sizinagwe ndi mphepo, ndiponso panalibe mliri. Zinasowa ana.

Kwa ife amene tinaona ana akukhamukira kusukulu ku Malawi mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo, nkhani yoti sukulu yasowa ana ndi yovuta kuimvetsa. Koma abale athu ambiri akulera ana kuno, ndipo kalata yochokera kukhonsolo ikafika, mantha amawagwira. Ntchito yanga ndi yoyang'anira ndalama pasukulu ina ya pulaimale mumzinda uno, choncho makolo akwathu amakonda kundifunsa kuti zimatheka bwanji, nanga iwo angachitepo chiyani. Zomwe ndifotokoze pano ndi za ku England. Ku Scotland ndi ku Wales malamulo ake ndi ena.

Gwero lake ndi kuchepa kwa ana obadwa. Mu 2012, ku England ndi Wales kunabadwa ana pafupifupi 730,000. Pofika 2023 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 591,000, ndipo chinali chisanatsikepo chonchi kuyambira 1977. Ku London vutoli lakula chifukwa lendi yakwera kwambiri, mabanja akusamukira kunja kwa mzinda, ndipo ena omwe khonsolo ikuwasunga m'nyumba zongoyembekezera amawatumiza kutali. Mwana amene sanabadwe mu 2019 sangapezeke m'kalasi mu 2024, ndipo khonsolo imadziwa zimenezi zaka zinayi pasadakhale.

Tsono kuchepa kwa ana kumapha bwanji sukulu? Kuno ndalama zimatsata mwana. Tsiku lina la mu Okutobala chaka chilichonse sukulu zonse zimawerenga ana omwe alembedwa, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chimagamula gawo lalikulu la ndalama za chaka chotsatira. Kalasi imakonzedwa kuti mukhale ana 30, omwenso ndi malire a lamulo kwa ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Tiyerekeze kuti mwana aliyense amabweretsa £6,000 pachaka. M'kalasi mukakhala ana 18 okha, ndiye kuti £72,000 palibe. Koma mphunzitsi alipidwa malipiro ake onse, magetsi ndi gasi wofunditsa kalasi m'nyengo yozizira alipiridwa, denga likadontha likonzedwa. N'chimodzimodzi minibasi: inyamule anthu asanu kapena idzaze, mafuta imamwa omwewo. Zikatero m'makalasi angapo kwa zaka zitatu zotsatizana, sukulu imalowa m'ngongole. Oyamba kuchotsedwa ntchito amakhala othandizira aphunzitsi, omwe ndi amene amakhala pafupi ndi mwana wovutika kuwerenga kapena amene akuphunzira kumene Chingerezi. Kenaka maulendo ndi nyimbo zimatha, kenaka makalasi awiri amawaika pamodzi. Makolo akaona zimenezi amayamba kuchotsa ana, ndipo dzenje limakulirakulira.

N'chifukwa chake sindinganene kuti kutseka sukulu n'kulakwa nthawi zonse. Pali madera omwe sukulu zitatu zikulimbirana ana okwanira sukulu ziwiri, ndipo kuzisiya zonse kuli ngati kulanga ana onse pang'onopang'ono. Chomwe chimandipweteka ndi momwe imasankhidwira sukulu yoti ife.

Lamulo la maphunziro la 1996 limapatsa khonsolo udindo woonetsetsa kuti mwana aliyense m'dera lake ali ndi malo pasukulu. Koma mphamvu zake sizifika pa sukulu zonse. Kuyambira 2010 sukulu zambiri zinasanduka ma academy, omwe amayendetsedwa ndi mabungwe oima paokha ndipo amalandira ndalama mwachindunji kuchokera ku boma. Masekondale ambiri tsopano ndi a mtundu umenewu, pamodzi ndi gawo lalikulu ndithu la mapulaimale. Khonsolo singatseke academy, ndiponso singailamule kuti ichepetse ana omwe imalandira. Imeneyo ndi nkhani ya bungwe loyendetsa sukuluyo ndi unduna wa zamaphunziro. Choncho dera likakhala ndi mipando yopanda ana yochuluka, nkhwangwa imagwera pa sukulu zomwe khonsolo ikuzifikira, ndipo nthawi zambiri zimakhala zomwe zili pakati pa nyumba za khonsolo, kumene kumakhala mabanja osauka ndi obwera kumene. Ku Islington khonsolo inafuna kutseka sukulu ya Pooles Park, koma boma linalamula kuti sukuluyo ikhale academy. Khonsolo inapita kukhoti nkugonja, ndipo mipando yopanda ana m'deralo inatsala momwemo. Makolo a pasukulupo anasangalala, ndipo ndikuwamvetsa, koma vutolo linangosamukira kwa anzawo. Dongosolo lopatsa munthu udindo wolinganiza malo a sukulu kwinaku likum'mana mphamvu pa theka la sukuluzo si lachilungamo. Funso loyamba kwa inu likhale lakuti: sukulu ya mwana wanga ndi ya mtundu wanji?

Ngati ili pansi pa khonsolo, kuphatikizapo sukulu zambiri za mpingo wa Anglican ndi wa Katolika, lamulo la 2006 linaika njira yomwe iyenera kutsatidwa. Choyamba khonsolo imafunsa maganizo a makolo, aphunzitsi ndi anthu a m'deralo. Pakalata mudzaona mawu akuti consultation, ndipo kawirikawiri amapereka masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Ikafuna kupitiriza, imatulutsa chidziwitso cha lamulo chonena tsiku lomwe sukulu idzatsekedwe, ndipo kuchokera pamenepo aliyense ali ndi masabata anayi oti alembe kutsutsa kapena kuvomereza. Masabata anayiwo akatha, khonsolo iyenera kugamula pasanathe miyezi iwiri. Ikalephera, nkhani imapita kwa woweruza woima payekha wotchedwa Schools Adjudicator. Kwa sukulu za kumidzi lamulo limayamba ndi maganizo akuti zisatsekedwe, ndipo khonsolo iyenera kuonetsa kuti yaganizira za mayendedwe a ana ndi zomwe mudziwo utaye.

Pagawo loyambalo ndi pomwe mawu anu amalemera kwambiri, ndipo ndi pomwe anthu akwathu ambiri amakhala chete. Ena amati zagamulidwa kale. Ena amaopa kuti kutsutsana ndi khonsolo kungasokoneze mapepala awo okhalira m'dziko muno. Ena ndi ulemu chabe umene tinaleredwa nawo, woti akuluakulu akanena sitibweza mawu. Abale anga, kuyankha kalata imeneyi sikukhudzana ndi visa, ndipo safunsa kuti ndinu nzika ya dziko liti. Komanso nzika za Malawi ndi Zambia zomwe zili ndi chilolezo chokhalira kuno zili ndi ufulu wovota pa zisankho za makhansala, chifukwa maiko athu ali mu Commonwealth. Khansala wa dera lanu ndi wanu ndithu, ndipo ali ndi masiku okumana ndi anthu.

Kufunsa maganizo kumeneku si mwambo wongokwaniritsa. Mu 1985 makolo ena anatengera khonsolo ya Brent kukhoti pa nkhani yotseka sukulu, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Gunning, ndipo anapambana. Mlanduwo unasiya mfundo zinayi zomwe makhoti akutsatabe: anthu afunsidwe maganizo chigamulo chisanapangidwe, apatsidwe zifukwa zokwanira kuti athe kuyankha mwanzeru, apatsidwe nthawi yokwanira, ndipo zomwe anena ziganiziridwe moona mtima. Khoti lalikulu kwambiri m'dziko muno linatsimikiza mfundozi mu 2014. Dziwani kuti khoti siliweruza ngati kutseka sukuluyo kuli kwanzeru. Limangoona ngati njira yatsatidwa. Mlandu wotere uyenera kuyambidwa msanga, pasanathe miyezi itatu, ndipo umadya ndalama, choncho musauike patsogolo.

Njira yomwe ambiri saidziwa ili mkati mwa khonsolo momwemo. M'makhonsolo ambiri chigamulo chimapangidwa ndi kabineti, kagulu ka makhansala otsogolera. Koma kuyambira lamulo la 2000 pali makomiti a makhansala ena omwe ntchito yawo ndi kuunika zomwe kabineti ikuchita, ndipo amatchedwa scrutiny. Mu komiti yoona za maphunziro mumakhalanso oimira makolo ndi oimira mipingo, omwe amavota nawo pa nkhani za sukulu. Komitiyi itha kuitana mkulu wa zamaphunziro kuti afotokoze ziwerengero zake poyera. Kabineti ikagamula, makhansala angapo atha kuimitsa chigamulocho kuti chiunikidwenso, koma nthawi yake ndi yochepa kwambiri, m'makhonsolo ambiri masiku asanu a ntchito. Komitiyo singafufute chigamulo, imangochibweza kuti aganizenso. Ngakhale zili choncho, ndaonapo kubweza kotereku kukusintha tsiku lotsekera, kapena kuchititsa khonsolo kulonjeza thandizo lomwe poyamba sinkalitchula. Misonkhano imeneyi aliyense atha kulowa, mapepala ake amaikidwa pa intaneti masiku asanu a ntchito msonkhano usanachitike, ndipo gulu la makolo litha kupempha mphindi zingapo zolankhula.

Nanga mukalankhula munene chiyani? Ndawerengapo mayankho ambiri a makolo, ndipo ochuluka amati timaikonda sukuluyi, aphunzitsi ndi abwino. Ndi zoona, koma khonsolo inayembekezera kale mawu amenewo, ndipo mu lipoti amangotenga mzere umodzi. Chomwe chimawaimitsa ndi funso lofuna yankho. Funsani kuti ziwerengero za ana a m'tsogolo azitenga kuti, ndipo ngati awerengera nyumba zatsopano zomwe zikumangidwa m'deralo. Funsani chifukwa chomwe asankhira sukulu iyi osati inayo, ndi njira zina zomwe anayesa, monga kuchepetsa makalasi olandira ana kuchoka pa awiri kufika pa imodzi, kugawana mphunzitsi wamkulu ndi sukulu ina, kapena kusandutsa zipinda zopanda ana kukhala malo a ana ofunika thandizo lapadera, omwe akusowa kwambiri m'dziko lonse lino. Funsani kuti nyumba ndi malo a sukuluyo adzachita nazo chiyani. Lamulo la 2010 loona za kusasankhana limakakamiza khonsolo kuganizira momwe chigamulo chikhudzire ana olumala ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndiye pemphani kuona zomwe analemba pa mfundo imeneyi. Akakana kupereka chikalata, lamulo la ufulu wodziwa zinthu limawapatsa masiku 20 a ntchito kuti akuyankheni. Ndipo fotokozani za moyo wanu momwe ulili. Ngati mumagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, nkumaweruka 8 koloko m'mawa, ndipo sukulu yatsopanoyo ikufuna mabasi awiri, lembani zimenezo. Munthu wolemba lipoti muofesi sangazidziwe mukapanda kunena.

Makolo alibe ufulu wochita apilo kwa Schools Adjudicator. Omwe angatero ndi dayosizi ya Anglican, ya Katolika, ndi oyang'anira sukulu za mipingo ndi zina za mtundu wotchedwa foundation, pasanathe masabata anayi chigamulo chitaperekedwa. Ngati mwana wanu ali pasukulu ya mpingo, lankhulani ndi a dayosizi msanga.

Pali chinthu china chovuta chomwe ndiyenera kunena. Kalata yoyamba ikangotuluka, makolo ambiri amathamangira kuchotsa ana. Sindiwadzudzula, aliyense amafuna kupezera mwana wake malo abwino asanathe. Koma mwana aliyense wochoka amalimbitsa mfundo ya khonsolo, ndipo sukulu yomwe ikanapulumuka imatha chigamulo chisanaperekedwe n'komwe. Musanasamutse mwana, pemphani khonsolo ikulembereni kuti ana otsala mpaka kumapeto adzawapezera malo motani. Udindo wopezera mwana wanu malo ena ndi wa khonsolo, sukulu ikatsekedwa. Chomwe lamulo silikulonjeza ndi chakuti adzakhala malo omwe inu mukufuna, ndiye apa mpamene muyenera kulimbikira.

Funsani ngati ana a banja limodzi adzapite kusukulu imodzi, ndi ngati padzakhale thandizo logulira yunifolomu yatsopano, poti makhonsolo ena amapereka. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu ali ndi ufulu wa mayendedwe aulere ngati sukulu yoyenera yapafupi ili kutali kuposa mamailosi awiri, ndipo wamkulu kuposa apo ndi mamailosi atatu. Ngati mwana wanu ali ndi chikalata cha thandizo lapadera chotchedwa EHCP, chiyenera kuunikidwanso ndi kulembedwa dzina la sukulu yatsopano, ndipo inu muli ndi mawu pa kusankhako. Ntchito imeneyi imachedwa, choncho iyambitseni mwezi womwewo kalata yafika. Mwana amene ali m'chaka chachisanu, yemwe watsala pang'ono kulemba mayeso omaliza pulaimale, mum'funsire mwapadera kuti mbiri ya maphunziro ake idzafika liti kwa mphunzitsi watsopano, ndipo ndani adzaonetsetsa kuti yafika.