Woyenda pa njinga ya aulumali amakwera ndege bwinobwino

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti munthu woyenda pa njinga ya aulumali sangakwere ndege, ndipo akaloledwa amalipitsidwa ndalama ina chifukwa cha njingayo. Ndatopa nazo, poti si zoona.

Makampani ambiri a ndege amanyamula njingayi kwaulere. Kawirikawiri mwini wake amafika nayo mpaka pakhomo la ndege. Apo ogwira ntchito amamusamutsira pa kampando kopapatiza kamatayala komwe kamadutsa pakati pa mipando, njinga ija n'kukalowa kumalo a katundu. Chachikulu n'kuwadziwitsa msanga, ambiri amafuna maola 48 ulendo usanafike. Ikakhala ya batire, nenani mtundu wake, chifukwa mabatire a lithium ali ndi malamulo awoawo.

Zovuta zilipo ndithu, monga kuthina kwa chimbudzi cha m'ndege, koma n'zokonzekera pasadakhale.

Musanauze mnzanu kuti n'zosatheka, werengani kaye zomwe kampaniyo yalemba pa intaneti, kapena aimbireni foni ndipo akuyankheni polemba. Kuhotela nakonso pemphani chithunzi cha bafa, mufunse ngati pakhomo pali masitepe komanso kuti chitseko n'chotambalala masentimita angati.