Amayi ambiri amagonjera ku chipani, tsiku loponya voti lisanafike

Ndimaphunzitsa za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuthandiza amayi ofuna kuima pa ukhansala ndi uphungu. Chisankho chilichonse chikatha ndimamva mawu awiri omwe ndatopa nawo. Ena amati, "Amayi sakondana okhaokha, n'chifukwa chake sapambana." Ena amati, "Mzimayi tinamuyesa kale mu 2012, mwaona nokha mmene zinathera." Mawuwa amatuluka m'kamwa mwa anthu ophunzira, ena ndi atolankhani, ndipo amasocheretsa amayi omwe akanatha kufika patali.

Ndiyambe ndi za 2012, chifukwa anthu amaifotokoza ngati Mayi Joyce Banda anatola mpando panjira. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April, ndipo Mayi Banda analumbira pa 7 April. Pakati pa masiku awiriwo panali nkhondo. Usiku wa pa 6 April nduna zina zinaonekera pa wailesi ya kanema ya MBC kunena kuti mayiwa sangalowe m'malo chifukwa anali atayambitsa chipani chawo. Koma gawo 83, ndime 4, ya malamulo oyendetsera dziko lino silifunsa za khadi la chipani. Limati mpando wa mtsogoleri wa dziko ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake woyamba ndiye amamaliza nthawi yotsalayo. Asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, anaima ndi lamulo. Ndipo mayiwa anakhala wachiwiri chifukwa dzina lawo linali pa pepala lovotera mu 2009. Anthu anawavotera. Asanafike pamenepo anali atayambitsa bungwe la amayi ochita malonda la NABW, anapambana uphungu ku Zomba Malosa mu 2004, anakhala nduna yoona za amayi ndi ana, kenako nduna yoona za ubale ndi maiko akunja. Munthu wotere sanatole kanthu.

Sindikuchepetsa zomwe zinalakwika mu ulamuliro wawo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu May 2012 ndipo mitengo inapweteka anthu. Cashgate inaululika mu 2013 iwo ali pampando, ndipo mtsogoleri amayankha pa zimene zachitika m'nyumba mwake. Mu 2014 anathera pa nambala yachitatu ndi mavoti ongopitirira pang'ono 20 pa 100 alionse. Chomwe chimandipweteka ndi ichi: chilango chinagwera amayi onse. Aphungu achizimayi anatsika kuchoka pa 43 mu 2009 kufika pa 32 mu 2014. Koma pa 20 July 2011 anthu anaphedwa m'misewu, mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti amuna tawayesa, basi akwana.

Chimene Mayi Banda analibe mu 2014 chinali chipani chokhala ndi mizu. DPP inawachotsa mu December 2010, People's Party inabadwa mu 2011, ndipo ambiri omwe anadzaza chipanicho atangolowa m'boma anali othamangira komwe kukufuka utsi. Mu 2009 Mayi Loveness Gondwe anaima pa upulezidenti, mu 2014 Abusa Helen Singh anaimanso, onse ndi zipani zazing'ono, ndipo mavoti awo anali ochepa kwambiri. Amuna oima ndi zipani zazing'ono nawonso amapeza zomwezo. Chiweruzo cha khothi cha pa 3 February 2020 chitakhazikitsa zoti wopambana apeze mavoti oposa theka, njira ya munthu wopanda chipani chachikulu inatsekekeratu.

Yang'anani ku Namibia. Netumbo Nandi-Ndaitwah anapambana chisankho cha November 2024 ndipo analumbira pa 21 March 2025. Nkhondo yake yeniyeni anaimenya kale mkati mwa SWAPO, chipani cholamula cha kumeneko, pomwe anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani mu 2017 n'kutetezanso mpandowo mu 2022. Chipanicho chinali chitavomereza kale lamulo loti maudindo azisinthana, mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi. Ku Tanzania, Samia Suluhu Hassan analowa m'malo mwa John Magufuli mu March 2021 monga zinachitikira kuno, koma iye anatenganso utsogoleri wa CCM, chipani cholamula. Kuno kwathu wachiwiri kwa mtsogoleri nthawi zambiri amakhala mlendo m'nyumba yake yomwe. Zinachitika ndi a Cassim Chilumpha, zinachitika ndi Mayi Banda, zinachitikanso ndi malemu Saulos Chilima. N'chifukwa chake anthu akandiuza kuti poti Mayi Jane Ansah ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 2025 ndiye kuti khomo latseguka, ndimawafunsa kuti nthumwi za ku msonkhano waukulu wa chipani zili m'manja mwa yani.

Ena amandiuzanso kuti lamulo lilipo kale. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse. Silikakamiza chipani chilichonse kuimika mzimayi m'dera lililonse. Ku Rwanda mipando 24 mwa 80 ya m'nyumba ya aphungu ndi yosungidwira amayi. Ife tilibe chotere, choncho zonse zimathera pa chisankho chachipulula, mapulaimale, pomwe chipani chimasankha woimira dera.

Pali mayi mmodzi yemwe sindimuiwala. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wodziwika m'dera lonse, ana omwe anawaphunzitsa ali m'mudzi uliwonse. Anandipeza patatsala miyezi inayi kuti chipani chake chichite mapulaimale. Ndinamufunsa kuti makomiti a ma eriya m'dera lakelo alipo angati. Sanadziwe. Ndinamufunsa kuti wapampando wa dera, wapampando wa amayi ndi wa achinyamata anasankhidwa liti. Anati sanapiteko chifukwa ankaona ngati ndi zisankho zazing'ono. Apo ndinadziwa kuti tachedwa, koma sindinamuuze momveka bwino, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Anagwiritsa ntchito ndalama zake za penshoni. Zambiri zinapita kwa mwamuna wina wodzitcha katswiri wa kampeni, yemwe anamugulitsa mndandanda wa nthumwi n'kumulonjeza kuti akuluakulu a ku likulu la chipani ali kumbali yake. Zina zinapita ku zitenje, maliro ndi mpira wa achinyamata. Usiku woti mawa ndi mapulaimale malo ovotera anasinthidwa, anthu ake anafika pasukulu yolakwika, ndipo pamalo enieniwo panabwera galimoto zodzaza ndi anthu omwe maina awo anali pa mndandanda wina womwe iye sanauonepo. Amayi ochepa omwe anafika anayenera kuima pamzere kumbuyo kwake, poyera, amuna awo ndi mfumu akuyang'ana. Ena anaima ndithu, akutukwanidwa. Mawa lake anthu ankati amayi anzake amutaya. Ine ndinalipo. Amayiwo anayenda makilomita ambiri wapansi kupita komwe anauzidwa. Mayiyo anafuna kuima payekha koma ndalama zinali zitatha, ndipo wodzitcha katswiri uja anali atayamba kale kugwira ntchito ndi amene anapambana.

Choncho ndichenjeze. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi nthumwi m'thumba ndipo mungopereka ndalama, muthaweni. Mndandanda weniweni umapezeka kwa mlembi wa chipani, ndipo muli ndi ufulu woufunsa polemba kalata, n'kusunga kope yake. Funsaninso polemba tsiku, malo ndi njira yovotera. Aneneri ndi asing'anga olosera mipando amachuluka chaka cha chisankho, ndipo amauza anthu atatu a dera limodzi kuti aliyense wadzozedwa. Ndawaona amayi anzeru akugulitsa ng'ombe chifukwa cha zimenezi. Za kugawa ndalama kwa ovota, lamulo la zipani la 2018 limaletsa, ndipo ngakhale amuna ambiri amaliphwanya, mzimayi amene alowa mpikisano wa thumba ndi munthu wa makontilakiti aboma amangodziwononga yekha.

Mabungwe a kampeni ya 50-50, yofuna kuti amayi ndi abambo akhale ofanana chiwerengero m'maudindo, nawonso ndiwauze, chifukwa ndagwira nawo ntchito. Maphunziro a masiku atatu ku hotela, malaya ndi zikwangwani zimafika chipani chitasankha kale anthu ake. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala atagwa, otsalawo atapatsidwa madera omwe chipanicho chimadziwa kuti sichingapambane. Thandizo limafunika pamene chipani chikukonza nthambi zake, zaka zitatu kapena zinayi chisankho chisanafike.

Mayi Catherine Gotani Hara asanakhale Sipikala woyamba wachizimayi mu 2019, anayenera kupambana kaye m'dera lawo ku Mzimba. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa ndalama ya K200, anayamba ndi kusonkhanitsa amayi m'nthambi za Nyasaland African Congress m'zaka za m'ma 1950, osati kukavina kokha ayi, koma kuti akhale ndi mawu pa zimene chipani chikugamula. Chisankho chotsatira chili mu 2030. Mayi amene akufuna uphungu chaka chimenecho, kapena amene akuyang'ana ku Kamuzu Palace zaka khumi zikubwerazi, apite mwezi uno kwa mlembi wa chipani chake m'dera lake akafunse kuti zisankho za ma eriya zichitika liti, ndipo akaimeko yekha kapena aimike anthu ake.