Chifukwa chiyani MBC imatsata chipani cholamula?

Nyengo ya kampeni ikayandikira, funso limene ife aphunzitsi a utolankhani timafunsidwa kawirikawiri kuno ku Dedza ndi lakuti: kodi atolankhani a MBC saona kuti akukondera? Amaona ndithu. Ambiri mwa iwo ntchito amaidziwa bwino, ndipo akachoka kukalowa wailesi zina amasanduka akatswiri omwe aliyense amawatama. Gwero la vutoli lili pa mafunso awiri: ndani amasankha akuluakulu a wailesiyi, nanga ndani wagwira thumba la ndalama zake?

MBC inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu wodzilamulira. Pofika 1966 dziko linali la chipani chimodzi, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 iyi ndiyo inali wailesi yokhayo youlutsa nkhani za m'dziko muno. Zomwe chipani cha MCP chagwirizana, wailesi inkangotsata. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipanichi utagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinadzabwerera mu 1994 Bakili Muluzi atalowa m'boma. Referendamu ya 1993 inasintha ndale, koma chizolowezi cha m'chipinda cholembera nkhani chinatsala momwemo: nkhani yoyamba ndi ya mtsogoleri wa dziko, yachiwiri ya nduna, ndipo wotsutsa boma amamveka makamaka pamene wina akumudzudzula.

Anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu safunika kuwafotokozera zambiri, poti atsogoleri awo awiri analawa mkwapulo umenewu. Malemu John Tembo, yemwe anali mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri nthawi ya Kamuzu, atakhala mtsogoleri wa otsutsa boma mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika ankanyozedwa pa pulogalamu ya Makiyolobasi pamodzi ndi Muluzi. Tembo ndi Muluzi onse anali atadyererapo wailesi yomweyo pa nthawi yawo. Malemu Saulos Chilima wa kwa Nsipe naye zinamuonekera. Ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko koma atasemphana ndi DPP, mu 2020 kanema wa MBC anaonetsa mawu otukwana omwe anthu analemba pa Facebook ponena za iye, mpaka dziko lonse linadzuma. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma andale athu mwambi umenewu amaukumbukira akakhala kunja kwa boma basi. UDF, DPP, PP ndi MCP, chipani chilichonse chinalirapo ndi MBC chili kotsutsa, ndipo palibe chomwe chinaimasula kotheratu chitatenga boma.

Lamulo lokha si loipa. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe linabweretsa MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi matelefoni, komanso la 2016 lomwe linalowa m'malo mwake, onse amati MBC itumikire anthu onse mosakondera chipani. Malamulo a zisankho amapatsanso chipani chilichonse ufulu woti uthenga wake wa kampeni umveke pa wailesiyi. Koma bodi ya MBC amasankha ndi mtsogoleri wa dziko, ngakhale kuti komiti ya aphungu yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo imakhala ndi mbali yake. Bodi ya MACRA, yomwe iyenera kulanga MBC ikalakwa, amasankhanso ndi mtsogoleri yemweyo. Mkulu wa wailesi amadziwa kuti boma likasintha mpando wake umagwedezeka. Zinachitikadi mu 2012: Joyce Banda atangolumbira Bingu atamwalira, mkulu wa MBC anali mmodzi mwa oyamba kuchotsedwa. Munthu wodziwa zimenezi safunikanso kuimbiridwa foni ndi nduna. Mkonzi amaganiza yekha kuti nkhani iyi ingakwiyitse akumpando, n'kuiika pambali. Ambiri amaganiza kuti kukondera kumabwera ndi lamulo lochokera kumwamba tsiku ndi tsiku, pamene nthawi zambiri amakhala mantha a munthu amene ali ndi ana pasukulu ndi lendi yoti alipire.

Nkhani ya ndalama ndiye yovuta kwambiri. MBC imadalira ndalama zochokera m'bajeti ya boma ndi zotsatsa malonda, ndipo ena mwa otsatsa akuluakulu ndi maunduna ndi makampani a boma lomwelo. Aphungu otsutsa anayesapo kugwiritsa ntchito thumbali ngati chikwapu. Mu ulamuliro woyamba wa Bingu, pomwe otsutsawo anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, anafika popatsa MBC ndi Television Malawi K1 yokha m'bajeti. Ine ndimaona kuti mkwiyo wawo unali womveka koma njirayo inali yolakwika. Wailesi sinatsekedwe, kukondera sikunathe, ndipo oona zisankho ochokera kunja anadandaulabe za MBC pa chisankho cha 2009. Kumana chakudya bungwe lomwe ukufuna liime palokha kumangolikankhira m'manja mwa amene angalidyetse.

Palinso chinyengo china chomwe omvera ambiri sachizindikira. Mtsogoleri wa dziko akabwera kudzatsegula chitukuko, tinene ku Lobi kapena ku Tsangano, umenewo ndi mwambo wa boma ndipo kuuulutsa n'koyenera. Koma mwambowo ukangotha, pa nsanja yomweyo pamakwera gavanala wa chipani, nsalu za chipani zili mbuu, ndipo makamera akadali pompo. Maola awiri a kampeni aulere amenewo sawerengedwa pa nthawi imene zipani zimagawiridwa. Wotsutsa akapatsidwa mphindi zisanu madzulo, pa pepala zimaoneka ngati chilungamo chachitika.

Ena amati tisavutike nazo, poti masiku ano kuli Zodiak yomwe inayamba mu 2005, kuli Times, kuli wailesi za m'madera ngati Bembeke FM, kulinso WhatsApp. N'zoona kuti MBC siyekhanso. Komabe wailesi za eni ake zili ndi ufulu wotsata omvera omwe ali ndi ndalama, pamene MBC ili ndi udindo wofika paliponse ndi kuyankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Ndipo imayendera msonkho wa tonse. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu akagula mayunitsi amalipira msonkho, kaya amavotera chipani chiti.

Zofunika kusintha n'zodziwika. Maudindo a bodi azilengezedwa poyera, ofuna azifunsidwa mafunso pamaso pa anthu, ndipo nthawi yawo isamathe limodzi ndi ya boma. Ndalama za wailesiyi zizikhazikitsidwa kwa zaka zingapo kuti nduna isamazitsegule ndi kuzitseka mwakufuna kwake. Zonsezi zimafuna kusintha lamulo, ndipo osintha lamulo ndi aphungu. Phungu wa kwanu akadzabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni ngati angavomere kuti mtsogoleri wa chipani chake alandidwe mphamvu yosankha bodi ya MBC. Funsolo likamupeze chipani chake chili m'boma.