Kuthamanga kwa magazi ndi matenda oiwala mwa achikulire

Munthu wokalamba akaiwala pamene waika makiyi kenako n'kukumbukira yekha, palibe chodetsa nkhawa. Nkhani imasintha pamene agogo amene aphika moyo wawo wonse ayamba kutereka mphika wopanda madzi pamoto, kufunsa funso limodzimodzi kangapo pa ola limodzi, kapena kusochera panjira yochokera kutchalitchi imene aiyenda kuyambira ali mtsikana. Amenewa ndi matenda a muubongo amene kuchipatala timawatchula kuti dementia. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi vutoli, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi opeza mwapakatikati.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti matendawa amangobwera ndi ukalamba kapena ndi akumtundu, moti palibe chimene munthu angachite. Kafukufuku wina amene anagwedeza maganizo amenewa anayamba mu 1992, motsogozedwa ndi Hugh Hendrie ku America ndi madokotala a ku University of Ibadan ku Nigeria, mmodzi mwa iwo Adesola Ogunniyi. Iwo anatsatira anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo m'magulu awiri, Ayoruba a mumzinda wa Ibadan ndi anthu akuda a mumzinda wa Indianapolis, ndipo onse ankawayeza ndi mafunso ofanana. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2001 zinaonetsa kuti chaka chilichonse matendawa ankagwira achikulire a ku Indianapolis mowirikiza kawiri ndi kupitirira poyerekeza ndi a ku Ibadan. Chimodzi mwa zinthu zimene zinasiyanitsa maguluwa chinali chakuti ku Ibadan kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta ochuluka m'magazi sizinali zofala ngati ku Indianapolis. Kafukufuku wotere satsimikiza payekha chimene chayambitsa chinzake, koma analoza ofufuza ku mitsempha ya magazi.

Chifukwa chake n'chomveka. Ubongo umadyetsedwa ndi timitsempha tating'ono kwambiri, ndipo BP (kuthamanga kwa magazi) ikakhala yokwera kwa zaka zambiri, makoma a timitsemphati amalimba n'kuchepetsa njira ya magazi. Tizigawo ta ubongo timafa mwakachetechete, nthawi zina popanda sitiroko yooneka yopuwalitsa mkono kapena mwendo, mpaka tsiku lina banja lizindikira kuti bambo sakuthanso kuwerengera chenji kumsika.

Funso linatsala linali lakuti: kodi kutsitsa BP kumatetezadi ubongo? Kafukufuku wa SPRINT MIND wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti kutsitsa kwambiri BP kunachepetsa ndi 19 pa 100 vuto la kufooka pang'ono kwa nzeru, ngakhale kuti pa dementia yeniyeni umboni sunakwane. Umboni wamphamvu unachokera kumidzi ya ku China mu 2025. Anthu pafupifupi 34,000 a m'midzi 326 anatsatidwa kwa zaka 4, ndipo m'midzi imene azaumoyo a m'mudzi momwemo, omwe sanali madokotala, ankapereka mankhwala a BP ndi kulangiza anthu, dementia inachepa ndi 15 pa 100. Kwa ine kafukufuku ameneyu ndi wofunika kwa ife kuposa mankhwala atsopano a matenda oiwala monga lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, chifukwa mankhwalawo ndi odula kwambiri, amafuna makina ojambula ubongo, ndipo amangochedwetsa matenda pang'ono. Makina oyezera BP ndi mapiritsi ake alipo kale m'zipatala zathu zing'onozing'ono, ndipo alangizi a zaumoyo amafika m'midzi.

BP si yokhayo. Gulu la akatswiri la Lancet Commission, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa ikukhudzana ndi zinthu 14 zotheka kuzisintha, kuphatikizapo kusapita patali ndi sukulu, kusamva bwino, vuto la maso losathandizidwa monga ng'ala, fodya, mowa wopitirira muyeso ndi kukhala kwaokha.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kwathu kuno gogo wodwala matendawa akapezeka usiku pakhomo pa eni, asakudziwa kumene ali, ena amathamangira kunena kuti wagwa pa ufiti, ndipo okalamba ena amenyedwa ndi kuphedwa kumene chifukwa cha mphekesera zotere. Munthu ameneyu akufunika kuperekezedwa kuchipatala. Makamaka ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, m'masiku ochepa chabe, musachedwe, chifukwa nthawi zambiri gwero lake limakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kutsika kwa shuga, ndipo zimenezi zikachizidwa nzeru zimabwerera.