Mlangizi wa ku Goliati ndi funso la ndalama za kampeni

Ku Goliati ndi midzi yonse ya kwa Chimaliro anthu amamudziwa Peter Mutharika ngati phungu wakale wa Thyolo East yemwe anadzakhala mtsogoleri wa dziko. Koma khomo lomwe analowera m'boma silinali la mavoti. Anayamba ngati mlangizi wa mkulu wake, Bingu wa Mutharika.

Peter anabadwa mu 1940 m'boma la Thyolo lomweli. Anaphunzira zamalamulo ku London ndi ku Yale, anaphunzitsako ku Dar es Salaam, kenako anakhazikika ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, komwe anakhala zaka zoposa 30. Pamene Bingu ankapikisana pa chisankho cha 2004 pa tikiti ya UDF, mng'ono wakeyu anali kale m'gulu la omupatsa nzeru, ndipo Bingu atapambana anapitiriza kumulangiza pa za malamulo ndi za ubale ndi mayiko ena.

Nthawi imeneyo mlangizi wodziwa malamulo anali wofunika kuposa nduna zambiri. Mu February 2005 Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chomwe sichinapikisane nawo mu 2004. Aphungu omwe anamutsatira ankaopsezedwa ndi gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, loti phungu wosintha chipani ataye mpando, ndipo mkangano umenewu unkachedwetsa bajeti chaka ndi chaka mpaka 2009. Boma linkayendera makhoti ndi ziletso. Mlangizi alibe dera lomufunsa, sayankha mafunso m'Nyumba ya Malamulo, koma ndi amene amalowa m'chipinda nduna zikatuluka.

Mu 2009 Peter anapambana mpando wa Thyolo East. Anakhala nduna ya zachilungamo, kenako ya maphunziro, pa nthawi ija aphunzitsi a ku Chancellor College ankanyanyala ntchito mu 2011 pomenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha, kenako ya zakunja. Bingu anamwalira pa 5 April 2012 n'kuikidwa ku Ndata. Patangotha zaka ziwiri mng'ono wake anapambana upulezidenti ndi mavoti oposa pang'ono 36 pa 100 aliwonse. Khoti linafafaniza chisankho cha 2019, iye anagonja mu June 2020, ndipo mu September 2025 anapambananso chisankho n'kubwerera pampando.

Njira yomweyi anaidutsanso Ben Phiri, yemwe anali wothandizira wa Peter kwa zaka zambiri, nadzakhala phungu wa Thyolo Central mu 2019 komanso nduna ya maboma aang'ono. Kuno kwathu achinyamata anaona okha kuti kunyamula chikwama cha bwana kumafikitsa munthu patali.

Gawo lomwe silikambidwa mokwanira ndi la ndalama. Aliyense amene anafikapo pa msonkhano wa chipani pa Luchenza kapena pa Thyolo Boma amadziwa zomwe zimachitika: malole otuta anthu, nsalu za chipani, matisheti, zimkuzamawu, magule, ndi kangachepe ka "thiransipoti" pobalalika. Mayi wothyola tiyi pa esiteti amalandira nsalu n'kuthokoza, ndipo sindimuweruza, chifukwa malipiro a tsiku sakwana n'komwe kugula nsalu yotero ndi ndiwo zomwe. Funso ndi lakuti wagula nsaluzo ndani, ndipo akuyembekezera kubwezeredwa chiyani chipani chikalowa m'boma. Ndalama zotere sizichokera m'makadi a umembala. Zimadzera mwa anthu oyandikira mtsogoleri, omwe amadziwa wabizinesi uti angaimbiridwe foni usiku. Izi si za DPP yokha. Zipani zonse zomwe zalamulirapo kuyambira 1994 zayenda chonchi.

Gawo 40 la malamulo aakulu limati boma lizipereka ndalama ku chipani chomwe chili m'Nyumba ya Malamulo ndipo chinapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo 10 a dziko lonse. Thandizoli ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo wa kampeni, ndipo kwa zaka zoposa 20 panalibe lamulo lokakamiza zipani kuulula komwe zimatenga zotsalazo.

Chomwe chinatsegula anthu maso ndi nkhani ya 2018. Lipoti la bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB litatulukira poyera, linasonyeza kuti kampani ya Pioneer Investments, yomwe inapatsidwa ntchito yogulitsa chakudya ku polisi, inaika K145 miliyoni mu akaunti ya DPP yomwe wosainira wake anali pulezidenti yekha. Chipani chinati inali mphatso chabe ndipo chinalonjeza kubweza. ACB inanena kuti Mutharika sanapindule nazo payekha. Ngakhale zinatha choncho, Amalawi anaona koyamba pa pepala momwe kontirakiti ya boma ndi thumba la chipani zimakumanirana.

Chaka chomwecho lamulo latsopano la zipani linayamba kugwira ntchito. Limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, ndipo limalamula chipani kuulula thandizo la K1 miliyoni kapena kuposa lochokera kwa munthu, ndi la K2 miliyoni lochokera ku kampani kapena bungwe. Koma linasiya mpata waukulu: nsalu, matisheti ndi ndalama zoyendera popita ku msonkhano sizili m'gulu la zoletsedwa. Choipa kwambiri n'chakuti ofesi ya mlembi wa zipani, woyenera kulandira malipoti oulula thandizoli, inakhala yopanda mwini wake kwa zaka, pansi pa DPP komanso pansi pa boma la Tonse, mpaka bungwe la maloya la Malawi Law Society linatengera nkhani ya kuulula ndalama za zipani kukhoti. Kizito Tenthani anasankhidwa pa udindowu mu 2024, lamulo litatha kale zaka zoposa zisanu, zisankho za pulezidenti ziwiri zitadutsa popanda munthu wofunsa zipani mabuku awo.