Swichi ya kachilombo ka HIV imasintha, koma osati paliponse

Kachilombo ka HIV kakalowa mu selo ya CD4, kamalowetsa majini ake mu DNA ya munthu n'kukhala phee. Kuti kayambe kuswana pamafunika choyatsa. Choyatsacho ndi kachigawo ka zilembo zoposa 600 (majini amalembedwa ndi timankhwala timene timawerengedwa ngati zilembo) kamene kali kumapeto onse awiri a majiniwo, ndipo akatswiri amakatcha LTR. Tingoti ndi swichi.

Woyatsa swichiyi ndi thupi lathu lomwe. Selo ikamva kuti kwabwera matenda, monga malungo kapena TB, imatumiza puloteni ya NF-kB kuti idzutse chitetezo. Puloteniyo ikatera pa LTR, kachilombo nako kamadzuka, n'kupanga puloteni yakeyake, Tat, imene imagwira pamalo otchedwa TAR, ochokera ku LTR yomweyo, kuti kuswana kupite patsogolo mwaliwiro.

Nthawi zambiri matenda a HIV amayamba ndi kachilombo kamodzi kokha. Koma mwa munthu amene sakumwa mankhwala mumabadwa tizilombo pafupifupi 10 biliyoni tsiku lililonse. Pokopera zilembo zake pafupifupi 9,700, kachilomboka kamalakwitsa kawirikawiri ndipo sikabwerera kukakonza. Pakatha zaka, m'magazi amodzi muli mitundumitundu.

Zolakwikazo zimagwa paliponse, koma zotsala n'zochepa. Kamene TAR yake yapindika moti Tat sangagwire kamathera pomwepo. Kamene kasintha chilembo pamalo osafunikira kwenikweni kamapitirira. Mbali ina ya LTR imagwiritsa zilembo zomwezo ndi jini ina ya kachilomboka yotchedwa nef, choncho kachilombo kakasintha nef pozemba chitetezo, swichi imatha kusinthira limodzi.

Zimene zinachitika ku Sydney, m'dziko la Australia, zimaonetsa bwino zimenezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu angapo anaikidwa magazi a munthu mmodzi amene anali ndi HIV. Zaka zinadutsa osadwala. Mu 1995 ofufuza analengeza kuti kachilombo kawo kanali kopunduka: zidutswa za nef ndi LTR zinali zitasowa. Atawatsatira kwa zaka zina, anaona kuti kachilomboko kakutayabe zilembo, koma malo oterapo NF-kB ndi puloteni ina ya Sp1 sikanawataye. Mapeto ake ena mwa anthuwo, kuphatikizapo wopereka magazi uja, CD4 yawo inatsika ndipo anayamba mankhwala.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza. Mtundu C wa HIV, umene wafala ku Malawi, Zambia ndi South Africa, uli ndi malo atatu a NF-kB. Mtundu B wa ku Ulaya ndi America uli ndi awiri, wofala ku Thailand amodzi okha, ndipo ku India anapeza mtundu C wina wa malo anayi. Ine sindithamangira kunena kuti wathuwu ndi wolusa kuposa ena. Swichi yamphamvu mu labotale si umboni wa mmene munthu adwalire, chifukwa majini ena a kachilombo ndi thupi la mwini wake zili ndi mbali yake.

Ma ARV akamagwira bwino, kukopera kumaima, kusintha nakonso kumaima. Koma swichi imatsala m'maselo ogona, momwe kachilombo kamabisala kali phee, amene anadziwika mu 1997, ndipo amachepa ndi theka pa miyezi pafupifupi 44. N'chifukwa chake munthu amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwake akasiya mankhwala, timabwerera patangotha milungu yochepa.